Kuchoka pa ma 5K mpaka makilomita 50, miyendo yomweyi

Anthu amandifunsa kuti zinatheka bwanji kufika pothamanga makilomita 50 pomwe ndinayambira timipikisano ta 5K (makilomita 5) tija tomwe ambiri timapitira tisheti ndi zithunzi. Palibe chinsinsi, ndinkangowonjezera mtunda pang'onopang'ono. 10K, kenako half marathon ya makilomita 21.1, kenako marathon yeniyeni ya 42.195. Amene anaithamangapo akudziwa zomwe zimachitika cha pa kilomita 30, shuga amene thupi linasunga m'minofu akatha miyendo imangolemera ngati si yako.

Koma ultra, kutanthauza mtunda uliwonse wopitirira marathon, ndi nkhani ina abale. Liwiro lomwe ndinkanyadira pa 10K uku silinagwire ntchito. Ndinachita kuphunzira kuthamanga mofatsa moti ukhoza kumacheza ndi mnzako osachita wefuwefu, ndipo pa chitunda umayenda basi, eetu kuyenda, ngakhale akatswiri othamanga m'mapiri amayenda pokwera ndipo palibe amakuseka. Kudyanso kumafuna kuyeserera. Mimba uyizoloweretse kulandira kanthu uli mkati mothamanga, tizakudya pang'ono pafupipafupi, madzi ndi mchere osaiwala, chifukwa ndaonapo anthu amphamvu kuposa ine akusiyira panjira miyendo ili bwinobwino koma mseru utawagwira.

Chomwe chinandisintha kwambiri ndi kuthamanga mtunda wautali Loweruka ndiye Lamulungu kudzukanso miyendo ikanali yotopa nkubwereza. Zimawawa, koma ndi mmene thupi limaphunzirira kupitirira pomwe mutu ukukuuza kuti khala pansi. Zikhadabo zakuphazi kuda nkugwa, m'ntchafu kunyuka ukaiwala Vaseline, zimenezo mungozilandira.

Pano mtima wanga uli pa Comrades, ultra ya ku South Africa, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, pafupifupi makilomita 90. Inayamba mu 1921, chaka china amakwera kuchokera ku Durban chaka china amatsika kuchokera ku Pietermaritzburg, ndipo amakupatsa maola 12 okha, ukachedwa ngakhale ndi sekondi imodzi mendulo palibe. Nkhanza ndithu, koma ndimaikonda chifukwa ambiri amene amadzaza msewu umenewo ndi anthu wamba ngati ife, ogwira ntchito masana nkumathamanga mbandakucha. Kaye ndikufunika kumaliza marathon mu nthawi imene okonza mpikisanowo amafuna kuti andilole kulowa, ndiye miyezi ikubwerayi ndili pa zitunda.