Usiku wa Lachitatu, mabatire atagona

Sabata ino ndayenda malo asanu, koma amene akundisowetsabe tulo ndi amodzi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kupukuta mapanelo a sola pasukulu ina, kulumikiza mawaya omwe makoswe anatafuna, ndi kusintha kontirola ya pampu pasikimu ya mthirira. Anzanga a ntchito ya sola mukudziwa mmene fumbi la Okutobala limadyera mphamvu, choncho sindichulutsa.

Lachitatu cha m'ma 9 koloko usiku foni inalira. Anali mzamba wa pachipatala chaching'ono chakumudzi, pomwe tinaikapo sola zaka zinayi zapitazo.

"Bambo, magetsi azimanso, ndipo ndili ndi mayi amene matenda amuyamba. Chonde bwerani."

Ndinatenga mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, tinakwera njinga yamoto, ulendo wa ola lathunthu mumsewu wamabampu. Titafika, pawindo la chipinda chochiriramo pankangothwanima kakuwala ka tochi ya foni. Anaigwira m'mwamba anali agogo odikirira wodwalayo, mkono uli njenjenje. Jenereta ilipo, yabwinobwino, koma thanki yake inali gwa, chifukwa dizilo anatha Lamlungu ndipo galimoto yokatenga wina inagona pamzere kufilingi siteshoni.

Kuchipinda cha mabatire inivata, makina amene amasandutsa mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, inkangolira kaphokoso kochenjeza. Ndinaika mita: pamene payenera kukhala mavoti 48 panali 43. Mwa mabatire asanu ndi atatu, awiri anali atatupa m'mbali ngati buledi, mitu yake itachita ufa woyera. Ndinauza mnyamata uja kuti, "Iwe, gwira tochi bwino, sipanala isakhudze mitu iwiri." Tinayesa limodzilimodzi, tinasankha anayi amene anali ndi kamoyo n'kuwamanga mzere umodzi. Ndinadula waya wopita kunyumba za ogwira ntchito ndi kumaofesi, ndinasiya mababu atatu okha a chipinda chija. Atayaka ndinamva mzamba akunena kuti, "Zikomo Ambuye." Mwana analira itadutsa 1 koloko. Ine ndinali nditakhala pakhonde, manja akununkha asidi, mtima ukuwawa.

Ukuwawa chifukwa zimenezi ndinazilemba kale. Mu Juni ndinapereka lipoti lakuti mabatirewo afika kumapeto, asinthidwe mvula isanayambe. Pepala lija lakhala padesiki miyezi inayi. Koma ndalama ya dizilo imatuluka mwezi ndi mwezi popanda wofunsa, chifukwa inazolowereka m'bajeti. Lachinayi m'mawa ndinapita kwa amene amasayina mapepalawa, maso ali psuu.

"Bwana, lipoti lija lili pati?"

"Achimwene, opereka thandizo analipira zoika, osati zokonza. Ndalama ya mabatire mulibe m'bajeti."

Ndinawapempha kuti tiwerengere limodzi ndalama zomwe zapsa mujenereta chaka chino, tiziike pafupi ndi mtengo wa mabatire. Anati aona.

Ndikudziwa kuti mabatire nawonso timagula ndi madola omwe akusowawa, sindikubisa. Koma batire labwino la lithium ukaligula limakutumikira zaka, pamene dizilo wa lero mawa ndi utsi. Dziko lathu linaona kale kuopsa kodalira chinthu chimodzi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Nthawi imeneyo sola ya ku Salima, ya mamegawati 60, inali itangoyamba ntchito mu 2021, ndipo chaka chotsatira ya ku Golomoti, ya mamegawati 20, inabwera ndi mabatire ake osungira mphamvu. Zimagwira ntchito, tikuziona ndi maso. Komabe pamisonkhano ya ntchito yathu sipalephera wina woimirira n'kunena kuti sola ndi choseweretsa, magetsi enieni ndi a malasha ngati omwe akhala akukambidwa ku Kammwamba, mwinanso a nyukiliya poti ku Kayelekera kuli uranium. Mayi uja sakanadikira zimenezo. Ankafunika mababu atatu ndi mabatire amoyo.

Lachisanu ndinabwerera kuchipatala kuja masana. Ndinatsuka mapanelo, ndinamangitsa mitu ya mabatire anayi aja, ndipo ndinaonetsa alonda siwichi yoti azizimitsa dzuwa likalowa kuti mphamvu yotsala izipita kuchipinda chochiriramo chokha. Ogwira ntchito azigona mumdima m'nyumba zawo, ndipo palibe anadandaula. Agogo aja anandipatsa mtedza m'kapepala, ndinalandira ndi manja awiri.

Loweruka ndalembanso lipoti lomwe lija, ndasintha tsiku, ndaonjezera zithunzi za mabatire otupa ndi ola limene mwana anabadwa. Mabatire anayi amenewo akapirira, afika Disembala. Mitambo ya mvula ikayamba kuphimba dzuwa masiku awiri otsatizana, sadzafikanso pakati pa usiku.