Sipanala ya 13 si ya hafu inchi

Sabata ino ikanadutsa bwinobwino pakanapanda Lachitatu. Lolemba ndi Lachiwiri mugalaja yathu zinali za masiku onse: maminibasi awiri a Toyota, mabuleki, oyilo. Galimoto za ku Japan sizivuta, ukakhala ndi masipanala a mamilimita 10, 12, 14, 17 ndi 19 m'thumba la ovolosi, basi wamaliza.

Lachitatu m'mawa anatikokera thirakitala ya Massey Ferguson 135 kuchokera ku esiteti ina ya fodya, yachikale ija ya injini ya Perkins. Amene munaigwirapo mukudziwa kuti mabawuti ake ndi a mainchi. Ine ndinathamangira ku Malangalanga kukasaka gasiketi, ntchito yomasula n'kusiyira mnyamata wathu wophunzira. Pobwera ndinapeza mitu ya mabawuti atatu itabulungika ngati nandolo. Anaika sipanala ya 13 pa mutu wa hafu inchi. Hafu inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye 13 imalowa ndithu, imaoneka ngati yagwira, koma ukakoka pa bawuti ya dzimbiri imaterereka n'kudya makona onse. Mwanayo anazolowera kuona 19 ikugwira bwino pa mutu wa 3/4 ya inchi, ankayesa zonse zimatero.

Sindinamukalipire. Sipanala ya mainchi akanaitenga kuti? Chaka chino ndapempha katatu seti imodzi yokha, bwana amangoti, "Amisiri, sipanala ndi sipanala."

Chimene chinandipsetsa mtima ndi mabawuti atsopano. Papepala ndinalemba ndi dzanja langa: 5/16 UNC, bawuti ya mainchi ya mazinga otalikirana. Wogula zinthu anabwera ndi M8, mabawuti a mamilimita 8, akuti ndi amene anali otsika mtengo, ndiponso "ndi chimodzimodzi". Kuwaika pachikhatho amafananadi, 5/16 imangotsala pang'onong'ono kukwana mamilimita 8. Kusiyana kuli pa mazinga. UNC ija ili ndi mazinga 18 pa inchi, kutalikirana kwake pafupifupi mamilimita 1.4, pamene M8 ndi 1.25. Ukapota ndi zala imalowa kawiri, kachitatu yakakamira. Mnzanga wa masana ataona kuti ikulimba, m'malo moitulutsa anawonjezera paipi ku sipanala. Phwa! Bawuti inathyokera m'kati mwa chitsulo.

Lachinayi lonse ndinakhala chogwada, kubowola chidutswa chija pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera kuopa kukuza bowo. Tapu ya 5/16, chida chokonzera mazinga m'bowo, mugalaja yathu mulibe. Ndinachita kukabwereka kwa mdala wina wa kuseri kwathu amene anakulira pa ma Land Rover akale, ndipo asanandipatse anayamba wandiseka kaye.

Lachisanu mwini thirakitala anaimba foni kanayi, akufuna kulima mvula isanagwe. Bwana anabwera kudzandifunsa, pamaso pa ana ophunzira, chifukwa chake ntchito ya tsiku limodzi yatenga masiku atatu. Ndinangotulutsa chidutswa cha bawuti chija m'thumba n'kuwaikira patebulo.

Dzulo ndagula sipanala za hafu inchi ndi 9/16 zakale pamsika ndi ndalama yanga. Zili m'bokosi langa, kiyi ndikuyenda naye.