Asgwrn: mawu a Chiwelshi otanthauza fupa

Anthu a ku Wales amatchula fupa kuti asgwrn. Munthu wolankhula Chichewa akawaona mawuwa atalembedwa amayamba wadodoma, chifukwa akuoneka ngati osatheka kutchula, koma m'Chiwelshi chilembo cha w chikakhala pakati pa zilembo ngati g ndi r chimamveka ngati u wathu, motero katchulidwe kake n'koyandikira "asgurn".

Akatswiri a zinenero amati gawo loyamba la mawuwa linachokera ku tsinde lakale kwambiri la zinenero za banja la Indo-European, lomwenso linabala osteon wa Chigiriki, os wa Chilatini ndi asthi wa Chisanskrit, onse otanthauza fupa. Zinenero ziwiri zapachibale kwambiri ndi Chiwelshi, cha ku Cornwall m'dziko la England ndi cha ku Brittany m'dziko la France, zimati askorn. Koma Chiairishi, ngakhale chili m'gulu lomwelo la zinenero za Aselti, chimati cnámh, mawu osafanana nawo n'pang'ono pomwe. Ife a kuno ku Mzuzu izi sizitidabwitsa, popeza tsiku ndi tsiku timamva Mchewa akunena fupa pamene Mtumbuka akuti chiwangwa, chonsecho zinenero zawo n'zapachibale.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa ndi mmene mawuwa amasinthira. Ife timaika ma- kutsogolo n'kupeza mafupa, koma Chiwelshi chimasintha mkati mwenimweni mwa mawu, ndipo asgwrn mmodzi akachuluka amakhala esgyrn. Kutsogolo nakonso kumasintha malinga ndi mwini wake: fupa la mwamuna ndi ei asgwrn, pamene la mkazi ndi ei hasgwrn, ndipo h yekhayo ndiye amasonyeza kusiyanako. Baibulo la Chiwelshi, lomwe William Morgan anamasulira lonse n'kutuluka m'chaka cha 1588, lili ndi zonsezi pa Genesis 2:23, pamene Adamu akunena za mkazi wake kuti asgwrn o'm hesgyrn, ndiye kuti fupa la mafupa anga.

Pa kalankhulidwe ka masiku onse, asgwrn cefn ndi fupa la msana, ndipo mawu omwewa amatanthauzanso kulimba mtima, moti munthu wamantha amatchedwa di-asgwrn-cefn. Nkhani yoyambanitsa anthu imatchedwa asgwrn y gynnen. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku Wales anthu pafupifupi 538,000 amatha kulankhula chinenerochi, ndipo ana ambiri amaphunzira mayina a ziwalo za thupi ngati amenewa m'sukulu zophunzitsa m'Chiwelshi.