Zikomo nonse amene munatidikira, malonda a zinthu zakale ayambiranso

Abale, alongo ndi makasitomala athu nonse, tikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Malonda athu anaima dzinja lonse chifukwa cha matenda a mayi athu, kenako maliro awo, ndipo tsopano tayambiranso.

Zikomo inu amene munali mutalipira kale katundu koma simunatisowetse mtendere, munangolemba kuti "yambani mwadwazika mayi". Zikomo amene munabwera kudzakhuza maliro, amene munatumiza chipepeso, amayi a kumpingo amene munagona pa siwa ndi kuphika, komanso adzukulu amene munagwira ntchito kumanda mvula ili mkati. Ana athu, inu ndi amene munkayankha mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook pamene ife mitu inali itaima, Mulungu akudalitseni. Sitikuiwala amisiri athu, wokonza makina osokera ndi telala, amene anasunga katundu wa anthu osawerengera masiku.

Ambiri amene mumatigula ndinu amsinkhu wathu, a zaka za m'ma 40 ndi 50. Uku fizi ya ana, uku makolo kuchipatala, ndipo tsiku lina umangopezeka kuti wamkulu wotsegula chipinda cha malemu ndiwe. Mauthenga ochuluka a chipepeso anali ndi funso kumapeto kwake: nafenso makolo anatisiya, katundu ali m'nyumba, titani naye? Tilibe chokubwezerani choposa kukuuzani zimene ntchito imeneyi yatiphunzitsa.

Musagulitse kanthu banja lisanakhale pansi. Ifenso sitigula katundu wa malemu kwa munthu mmodzi amene wabwera yekha ndi chikwama, ngakhale mtengo ukhale wabwino chotani. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo ngati malemu sanasiye wilo, ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiyeyo. Choncho tengani kope, lembani chinthu chilichonse, chijambuleni pafoni, tumizani pa gulu la banja kuti amene ali ku Joni kapena ku UK aonenso. Aliyense anene chimene akufuna kusunga. Zotsalazo ndiye za malonda, ndipo mugwirizaniretu kuti ndalama ipita kuti, kaya ku chiliza, kaya ku fizi ya ana amasiye. Mikangano yambiri simabwera chifukwa cha kukula kwa ndalama ayi, imabwera chifukwa wina wamva kwa anthu kuti wailesi ya bambo ili pa Facebook.

Amene makolo anu akadali moyo, afunseni lero. Thiranki yachitsulo ija inachokera kuti? Ena anabwera nayo kuchokera ku migodi nthawi ya Wenela, ena ku Salisbury (Harare ya lero). Jambulani mawu awo pafoni akufotokoza. Mbiri yotere imakweza mtengo wa chinthu, koma nthawi zambiri banja likaimva limasankha kusagulitsa, ndipo ife timaona kuti kuteroko n'koyenera. Zithunzi, makalata, masatifiketi ndi Baibulo lolembedwa mayina ndi masiku obadwa a ana sitizilandira n'komwe. Minyanga ya njovu, ngakhale kakhoza kakang'ono ka agogo, musaiike pa intaneti: lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 ndipo chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Zigoba za Gule Wamkulu zili ndi eni ake kudambwe, si katundu wa pa tebulo. Ndipo chinthu chilichonse chakale kwambiri chokhudza mbiri ya dziko, funsani kaye ku dipatimenti yoona za zinthu zakale musanachitumize kunja.

Katundu amene amapezeka pafupifupi nyumba iliyonse, ndiponso amene anthu amamuwononga kwambiri pofuna kumukonza, ndi makina osokera. Pa makina a Singer, nambala yake imakhala pa thupi lachitsulo, kutsogolo cha kumanja pansi pa mzati. Nambala imeneyo mukaifufuza pa intaneti imakuuzani chaka chimene anapangidwa. Mitundu yokhala ndi K kumapeto, monga 15K, 99K ndi 201K, inapangidwa ku Clydebank ku Scotland, fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Makina a Butterfly a ku China amafanana kwambiri ndi 15K ndipo amasoka bwino, koma agulitseni ndi dzina lawo. Alipo anthu amene amamata dzina la Singer pa makina ena, ndiye yang'anani nambala, osati zolemba zagolide zokha.

Makina amene akhala zaka osagwira ntchito amauma. Musawakakamize gudumu. Donthezani palafini pang'ono m'timabowo ta oilo ndi paliponse pamene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake, asiyeni agone usiku, m'mawa gwedezani gudumu uku ndi uku pang'onopang'ono mpaka litayamba kuyenda. Kenako pukutani n'kuthira oilo wa makina osokera, dontho limodzi pa bowo. Mafuta ophikira ayi: poyamba makina amayenda, koma pakapita miyezi mafutawo amasanduka ulimbo ndipo ntchito yochotsa imakhala yaikulu kuposa yoyamba ija. Kunja kwake musapukute ndi spirit kapena sopo wa ufa, chifukwa utoto wonyezimira umasungunuka ndipo maluwa agolide aja amayera n'kufufutika, osabwereranso. Kansalu ka thonje ndi oilo yemweyo n'zokwanira.

Makina akamadumpha ulusi, musathamangire kunena kuti afa. Kawirikawiri vuto ndi singano yopindika kapena yolowetsedwa mozondoka. Pa 99K mbali yophwatalala ya singano imayang'ana kumanja, pa 201K imayang'ana kumanzere. Ulusi ukamaunjikana pansi pa nsalu, vuto lili pa ulusi wa pamwamba, mwina sunalowe pakati pa timbale tomangitsa ulusi. Onaninso ngati bobini kesi, kachitsulo kosungira ulusi wa pansi, ilipo, popeza ndiyo imasowa kawirikawiri, ndipo ngati palibe nenani poyera. Musanaike mtengo, sokani jinzi yopinda kanayi, jambulani vidiyo ikusoka, muonetse mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Telala wa ku Mzuzu sangabwere ku Limbe kudzayesa, vidiyoyo ndiyo maso ake.

Potumiza, chotsani mutu wa makina pa tebulo lake. Mutu wokha umaposa makilogalamu 10, ndipo chitsulo chake sichipindika, chimasweka. Tsitsani phazi pa kansalu, kulungani mutu wonse ndi bulangete lakale, ikani m'katoni yolimba, dzazani mipata yonse ndi nsanza mpaka musamve kugwedera mukaisuntha, kenako katoniyo ilowe m'katoni ina. Bokosi lamatabwa la makina musalinyamule pa chogwirira chake, timaloko take n'takale ndipo mutu umagwa pansi.

Pa ndalama zakale tikupemphani chinthu chimodzi: musazitsuke. Mchenga, phulusa, ndimu, zonsezi zimakanda ndipo wodziwa ndalama sagulanso. Ndalama zachitsulo za 1964, ija ya chithunzi cha tambala, ya zinsononkho za chimanga ndi ya njovu, zinagwira ntchito kwacha isanabwere mu 1971, ndipo zinapangidwa zambiri. Si zasiliva. Zimagulika ndithu, makamaka zikakhala zonse pamodzi, koma si za mamiliyoni monga mphekesera zimanenera. N'chimodzimodzi nkhani yoti mu simbi ya makala kapena m'makina a Singer muli mankhwala ofiira a mtengo wapatali. Ndi bodza, ndipo amene amafalitsa amafuna mulipire ndalama ya "kuyeza". Simbi ya makala imagulidwa chifukwa imasita magetsi akazima kapena chifukwa wina akufuna kukongoletsa nayo pabalaza. Dzimbiri lake limachoka mukainyika mu viniga usiku umodzi, n'kukwecha ndi waya wotsukira mapoto, kuumitsa padzuwa msanga ndi kupaka mafuta pang'ono. Chogwirira chamtengo chisalowe mu viniga. Masupuni olembedwa EPNS ndi ongokutidwa siliva pamwamba, asiliva weniweni nthawi zambiri amalembedwa 925. Mbale za galamafoni zisungidwe choimirira, kutali ndi dzuwa, ndipo zija zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi zisakhudzane ndi spirit chifukwa zimasungunuka. Wailesi yakale, kaya ndi ya Nzeru, yambani mwatsegula malo a mabatire: mabatire oiwalika mkati amatulutsa madzi amene amadya timawaya.

Zovala zili ndi zake. Dzinja lathu ndi mdani wa nsalu, ndipo jumbo yomanga ndiyo imabweretsa chuku chifukwa chinyezi sichituluka. Sungani m'mapilokesi a thonje, pamwamba osati pa simenti, ndipo muziyanika pa mthunzi dzuwa likawala. Zaubweya muzizikutumula kawirikawiri chifukwa cha njenjete. Chitenje chakale yang'anani m'mphepete mwake, nthawi zambiri mumalembedwa dzina la fakitale, ndipo za David Whitehead za ku Blantyre anthu amazifunafuna. Chapani ndi madzi ozizira, chokha, osafinya mwamphamvu. Kwa amene mumasankha m'mabelo a kaunjika, zizindikiro zingapo zimathandiza: kansalu kofiira ka pa thumba la jinzi ya Levi's kakalembedwa ndi E wamkulu ndiye kuti kawirikawiri ndi ya 1971 isanafike, ndipo tisheti yosokedwa mzere umodzi pa mkono ndi pansi nthawi zambiri ndi ya m'ma 1990 kapena kale kuposa apo. Chizindikiro chimodzi si umboni wokwanira, popeza zoterezi amazipanganso masiku ano. Saizi yolembedwa pa chovala chakale musaikhulupirire, imakhala yaing'ono kuposa ya lero. Yalani chovala, yezani ndi tepi kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, m'chiuno, ndi kutalika, lembani masentimita. Katundu wambiri amene amabwezedwa, chifukwa chake ndi saizi.

Zithunzi jambulani m'mawa pafupi ndi windo, pa nsalu yoyera, popanda fulashi. Kutsogolo, kumbuyo, pansi, dzina la kampani, kenako chilema chilichonse chapafupi, chala chikuloza. Chilema chobisika chimakadziwika katundu akafika, ndipo kasitomala ameneyo sabweranso. Pa mtengo werengerani zonse: mogulira, thiransipoti, mmisiri, makatoni ndi tepi, bandulo, ndi ndalama imene imadulidwa potapa kwa ejenti. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ogulitsa ambiri amaona ngati apindula pamene ndalamayo singagulenso katundu wofanana ndi amene watuluka. Ikani mtengo poyang'ana zimene mudzalipire pogula wina mawa.

Uthenga woti ndalama yalowa si ndalama. Akuba amatumiza uthenga wofanana ndendende ndi weniweni kapena chithunzi chokonza. Onani nokha balansi, *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba, musanapereke katundu. Woimba kuti watumiza molakwitsa mumubwezere, muuzeni aimbire kampani yake. Potumiza pa basi kapena pa kampani yonyamula katundu, jambulani katoni yotseka ndi lisiti, lembani dzina ndi nambala ya wolandira mbali ziwiri, ndipo mugwirizane poyamba kuti chikasweka m'njira wolipira ndani. Kukumana ndi kasitomala wachilendo kukhale pamalo a anthu, masana.

Anzathu amsinkhu wathu, thupi nalo ndi mpamba. Zaka zikapitirira 40 maso amayamba kuvutika ndi zolemba zazing'ono, ndipo nambala ya makina kapena chaka cha pa ndalama mukachiwerenga molakwa mumanamiza kasitomala osadziwa. Jambulani ndi foni n'kukuza chithunzicho, komanso kayezetseni maso, magalasi owerengera si chinthu chochititsa manyazi. Belo la makilogalamu 45 musanyamule nokha, itanani achinyamata muwalipire. Povundukula katundu wa m'chipinda chotsekedwa kalekale valani masiki ndipo tsegulani mawindo, fumbi la chuku ndi ndowe za makoswe limapweteka chifuwa. BP ndi shuga muziyezetsa ngakhale musakumva kupweteka paliponse. Ndipo wina m'banja adziwe pamene pali kope la maoda ndi ngongole, ndani walipira, ndani akudikira, kuti matenda akagwa mwadzidzidzi ndalama za anthu zisasokonekere. Chimene chinathandiza ana athu kuyankha aliyense molondola ndi kope limenelo.

Maoda onse amene analipiridwa tisanatseke ayamba kutuluka sabata ino, motsatana ndi mmene munalipirira. Amene mwasintha maganizo chifukwa cha kuchedwaku, tiuzeni, ndalama yanu tibweza yonse osadula kanthu. Amene muli ndi katundu wa makolo ndipo mukungofuna kudziwa kuti n'chiyani komanso ndi wa chaka chanji, tumizani zithunzi zitatu, chonse, cha pansi pake, ndi cha dzina kapena nambala. Tikuyankhani kwaulere, kaya mugulitsa kaya musunga. Zikomo kwambiri, Ambuye akusungeni nonse.