Kiyibodi yosasokosera anzanga ku ofesi

Kiyibodi yanga yoyamba inali ya ma switch (tizipangizo tapansi pa mabatani) a buluu, amene amalira kwambiri ukamalemba. Ine phokoso lakelo ndinkalikonda, mpaka tsiku lina mayi amene timakhala moyandikana ku ofesi anandifunsa, "Achimwene, mukukazinga chimanga kodi?" Manyazi anandigwira.

Ulendo uno ndagula kiyibodi ya Royal Kludge RK84 ya ma switch ofiira osasokosa kwambiri, yotsika mtengo ndithu. Masana ndimailumikiza pa Bluetooth ku laputopu ya kuntchito. Usiku ndikamasewera gemu ndimasomeka ka dongle ka 2.4GHz (kachipangizo kolumikiza kiyibodi ku kompyuta popanda waya), chifukwa Bluetooth imachedwerako pang'ono, ndipo mdani sakudikira.

Kiyibodi yaing'ono ya mabatani 61, yopanda mabatani a mivi apaokha, ndinaisiya dala osaigula. Pa Excel ndimafuna mabatani a mivi akhale paokha. Timagetsi tamitundumitundu ta pa kiyibodiyi ndinathimitsa, timadya batire.