Mphika wa shrimp kutsidya kwa Mississippi

Msonkhano umene unanditengera ku New Orleans, mzinda wa m'chigawo cha Louisiana ku America, unatha Lachitatu, koma tikiti yobwerera inali ya Lolemba. Masiku otsalawo ndinachoka kuhotela n'kuchita lendi kanyumba kokhala ndi khitchini, ndipo usiku woyamba womwewo ndinadzichititsa manyazi ndi zophika zanga. Masiku onse a msonkhano ndinali ndikudya tinkhanu ta m'nyanja timene amatitcha shrimp, lero zokazinga zoika m'buledi wautali uja amati po-boy, mawa za mumsuzi wa gumbo. Zimene zinandigwira mtima kwambiri ndi zongowiritsa, zofiirira, zoyabwa tsabola ndi mandimu, zosenda ndi manja. Ndinati mumtima, kuwiritsa kokha kungandikanike ine? Ndinalowa m'sitolo ina, n'kugula paketi ya shrimp zouma ndi ayisi, zosendedwa kale. Ndinathira mchere ndi tsabola m'madzi, n'kuzisiya zibwate mphindi 15 kuti zipse bwinobwino. Zinatuluka zitafota, zitapindika ngati mphete, ndipo pozitafuna zinkangokhala ngati mphira. Tsabola yense anatsala m'madzi.

Mnzanga amene tinaphunzira limodzi, mbadwa ya komweko, anandipeza ndikulimbana nazo. Analawa imodzi, anailavulira m'kapepala mwaulemu ndithu, kenako anaseka mpaka misozi. Pomwepo anaimbira foni bambo ake. Mawu akuti "mphindi 15" anawabwereza katatu, ndipo kuseka kwa akuluwo kunkamveka ndili poteropo. Mlandu unagamulidwa kuti Loweruka mamawa ndikaonekere kwawo ku Westwego.

Westwego ili kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Tinawoloka pa mlatho wa Crescent City Connection dzuwa likungotuluka, ndipo linkatiwomba m'maso. Apa m'pamene ndinasokonezeka: tsidya limenelo amalitcha West Bank, kutanthauza gombe la kumadzulo, koma powoloka mlathowo munthu umalowera chakum'mawa, chifukwa mtsinjewo unakhota ngati chikwakwa pamenepo. Kuchoka apo tinatsata msewu wa Westbank Expressway, kudutsa Gretna, Harvey ndi Marrero. Unali mwezi wa September, ndipo ngakhale unali mmawa, malaya anali atamatirira kale pamsana.

Bambo aja anatidikirira pa msika umene anthu amangouti Shrimp Lot. Palibe chokongola pamenepo. Ndi timashedi tondondozana, kutsogolo kwake mabokosi odzaza ayisi, pansi madzi akuyenderera. Shrimp zake zinali zotuwa, zonyezimira, zokhala ndi mitu, timaso takuda ndi ndevu zazitali kuposa thupi lake. Zimene ndinagula ine m'paketi zija sizinkafanana nazo ngakhale pang'ono. Akuluwo sanafulumire. Ankatola imodzi, kuinunkhiza, kugwedeza mutu wake kuti aone ngati udakali wolimba, n'kuyang'ana ngati chigoba chayamba mawanga akuda. Anandionetsa manambala olembedwa pa makatoni, 16/20, 21/25, n'kundiuza kuti amasonyeza kuchuluka kwa shrimp zimene zimakwana kulemera paundi imodzi (pafupifupi theka la kilogalamu), ndiye nambala ikachepa ndiye kuti ndi zikuluzikulu. Za nthawi imeneyo zinali za mtundu umene amati zoyera, zimene nyengo yake imayamba cha mu August. Zabulawuni zimagwidwa kuyambira cha mu May.

Ndinawafunsa chifukwa chogulira za mitu, poti mutu umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndipo umakathera kudzala.

"Mwana wanga," anatero, "mafuta ali m'mutumo. Ukachotsa mutu ndi chigoba, ndiye ukuwiritsa chiyani? Chigoba ndi chimene chimasunga msuzi pafupi ndi mnofu."

Kenako anafunsa wogulitsayo ngati zinali za m'madzi a komweko. Funso limeneli ku Louisiana si lamasewera. Shrimp zambiri zodyedwa ku America zimachokera kunja, m'maiwe a ku India, Ecuador ndi Indonesia, ndipo zimatsika mtengo moti asodzi a ku Lafitte ndi Grand Isle amalira nazo. Mu 2019 boma la Louisiana linakhazikitsa lamulo loti malo odyera azidziwitsa anthu ngati shrimp zawo ndi zochokera kunja. Pobwerera kugalimoto, atanyamula bokosi lolemera, anandiuzanso kuti mabanja ambiri a ku Westwego ndi zidzukulu za asodzi amene anapulumuka namondwe wa mu 1893, amene anasesa mudzi wa Chenière Caminada kugombe la nyanja. Opulumukawo anakwera kumtunda n'kudzamanga kumeneku, ndipo ntchito ya nsomba anabwera nayo.

Kuphika kunachitikira panja, kuseri kwa nyumba. Mphika wake unali wa aluminiyamu, waukulu woti mwana atha kusambiramo, mkati mwake muli dengu lachitsulo lobowokabowoka. Pansi pake anayatsa chitofu cha gasi chimene chinkalira ngati ndege ikunyamuka, moti polankhulana tinkachita kukuwa. M'madzimo anaponyamo timatumba ta zonunkhiritsa ta Zatarain's, momwe muli njere za mpiru, njere za coriander, masamba a bay, allspice ndi tsabola wa cayenne. Timatumbato mulibe mchere, choncho mcherewo anathira paokha, wochuluka moti ndinagwira pakamwa. Anawonjezera cayenne wina waufa, mandimu odula pakati amene anayamba kuwafinyira momwemo, anyezi, mitu yathunthu ya adyo yongodula pamwamba, ndi selari. Nthunzi itangokwera, tonse tinayamba kuyetsemula ndi kutsokomola. Anandipatsa supuni kuti ndilawe madziwo. Anali owawa mchere, oyabwa, osamweka n'komwe. Iwo anati ndi mmene ayenera kukhalira, chifukwa shrimp imangotengako pang'ono chabe.

Kampani ya Zatarain's anaiyambitsa Emile Zatarain ku New Orleans mu 1889, ndipo fakitale yake ili ku Gretna, kumene tinadutsa mmawa. Nditatchula Old Bay, zonunkhiritsa za m'kachitini kachikasu zimene anthu a ku Maryland amanyadira, bambo aja anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mnzanga anandinong'oneza kuti zonse ziwirizo mwini wake tsopano ndi mmodzi, kampani ya McCormick, koma ndisayerekeze kuwakumbutsa.

Zolimba ndiye zinayamba kulowa. Timbatatesi tofiira tosasenda tinabwata kaye pafupifupi kotala la ola, kenako soseji yofukiza utsi ya andouille yoduladula. Shrimp zinalowa pomaliza. Atazikhuthulira, kubwata kunaleka kaye, ndipo iwo anaima pomwepo ndi chikombe chonga nkhafi, akuvundula, maso ali mumphika. Kutuwa kuja kunasanduka kufiirira ndikuona. Madzi atangoyambanso kubwata anawerenga mphindi ziwiri zokha, n'kutseka gasi. Kunangoti zii. Ine ndinaganiza kuti gasi watha.

Apa ndi pamene panali nkhani yonse, ndipo ndi pamene ine ndinaphonya Lachitatu lija. Moto atauzimitsa sanatsanule. Anaponyamo zisononkho za chimanga chotsekemera zochokera mufiriji zili gwaa, anathiramo thumba la ayisi, ndipo mnzanga anayamba kupopera madzi ozizira kunja kwa mphikawo ndi paipi. Cholinga chake n'chakuti madzi atsike kutentha msanga, shrimp zileke kupsa koma zipitirize kumwa msuzi. Poyamba zinali zikuyandama pamwamba. Patapita kanthawi zinayamba kumira imodziimodzi, ndipo anati kumirako ndiye chizindikiro choti zakhuta. Mphindi zisanu zilizonse ankavuula imodzi, kusenda, kulawa, kupukusa mutu, n'kudikiranso. Ina anaiika padzanja langa n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse pamsana pake padzuwa. Pakati pa chigoba ndi mnofu panali kampata kakang'ono, mkati mwake mukuoneka timadzi tofiira. Kampata kameneko kakaoneka, shrimp yapsa ndipo isendeka mosavuta. Ukaipitiriza pamoto, mnofu umafota, chigoba n'kumatirira, ndiye umachita kukanda ndi zikhadabo.

"Pamoto zimangopsa basi," anatero akupukuta thukuta ndi kathawulo ka paphewa. "Kukoma kumalowa moto utazima. Iwe unachita kutembenuza."

Zinaviikidwa pafupifupi mphindi 20. Kenako amuna awiri ananyamula dengu lija, analidikira likhe madzi, n'kukhuthulira zonse patebulo loyalidwa manyuzipepala. Panalibe mbale, panalibe foloko, ndipo mipando inali ya okalamba okha. Oyandikana nawo nyumba anangotulukira okha, fungo litawaitana. Kusenda kwake amapotokola mutu, kukoka timiyendo, chigoba n'kuvuka ngati malaya, kenako kufinya kumchira. Ena amayamwa kaye mutuwo, ndipo nditayesa ndinamvetsa zimene ankanena kumsika zija. Kamzere kakuda ka pamsana, kamene kwenikweni ndi matumbo, palibe amene ankalimbana nako. Mnofu wake unali wofewa koma woti khuthu ukauluma, wotsekemera pang'ono, tsabola akubwera pambuyo. Adyo anali atafewa moti tinkangomufinyira pa mbatatesi ngati batala. Chimene chinandipweteka ndi chimanga. Chimamwa tsabola kuposa china chilichonse mumphikamo, ndipo milomo yanga inayaka mpaka madzulo. Wina anandichenjeza mochedwa kuti ndisagwire m'maso.

Pochoka ananditapira shrimp zaziwisi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi kathumba kamodzi ka zonunkhiritsa, ati ndikalembe mayeso. Lamlungu madzulo, m'kakhitchini kaja, ndinateleka madzi malita atatu m'poto wamkulu amene ndinapeza, ndinathira mchere masupuni anayi, kathumba kaja, ndimu, anyezi ndi adyo, n'kuzisiya zibwate mphindi 10 zokhazokha kuti madzi akolere. Nditathira shrimp ndinagwira foni m'manja kuwerengera nthawi, ndipo kunena zoona dzanja linkakana kuzimitsa moto pa mphindi ziwiri, mtima ukuti zikadali zaziwisi. Ndinazimitsabe, ndinachotsa poto pambaula, n'kukhuthuliramo ayisi yense wa mufiriji. Pa mphindi 15 ndinavuula imodzi n'kuiyang'ana pa getsi. Kampata kaja kanalipo. Mchere unachepa pang'ono chifukwa ayisi anandichulukira, koma zinasendeka bwinobwino ndipo ndinamaliza zonse ndekha nditaimirira pasinki.

Ndinajambula chithunzi ndisanayambe kudya n'kutumizira mnzanga kuti akaonetse bambo ake. Yankho linandipeza Lolemba ndili pamzere pa bwalo la ndege la Louis Armstrong, zala zikununkhabe adyo. Anati mtundu wake uli bwino, koma akufunsa kuti chimanga chili kuti.