Kufufuza malo otentha pa thiransifoma ndi kamera ya lenzi ya zoom

Ndikafika pa thiransifoma ya fakitale ku Kanengo, choyamba ndimafunsa woyang'anira magetsi ngati makina akuyenda. Mphamvu yomwe ikukokedwa ikakhala yosafika 40 peresenti ya mphamvu yonse yomwe thiransifomayo inganyamule, bawuti yomasuka sitentha mokwanira, ndiye kamera yoona kutentha imaonetsa ngati zonse zili bwino. Ndimapita m'mamawa kapena dzuwa litalowa, chifukwa masana a mu Okutobala chitsulo chilichonse chimawotcha. Kukawomba mwera ndimadikira, mphepo imaziziritsa malo omwe ndikufunawo.

Kamera ndimaiyatsa n'kuisiya kaye panja kuti izolowere. Lenzi yake ndi ya germanium, chinthu chooneka ngati chitsulo, popeza galasi wamba salola kuti cheza cha kutentha chosaoneka ndi maso, cha mafunde otalika mamayikulomita 8 mpaka 14, chidutse. Koma germanium amasintha kapindidwe ka chezacho akatentha, choncho kamera yongotuluka m'galimoto yozizira imataya fokasi pang'onopang'ono. Mukamva kuti tcha! chithunzi n'kuima kaye, si kuwonongeka ayi, ndi kachitseko kamkati kolinganiza mapikiselo, timadontho tomwe timapanga chithunzi.

Masamu ake ndi awa. Pikiselo ya mamayikulomita 17, lenzi ili pa mamilimita 25, ine ndili mamita 20 kunja kwa mpanda: pikiselo imodzi ikuona pafupifupi mamilimita 14. Kuti nambala ikhale yodalirika, chinthucho chidzaze mapikiselo atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, kutanthauza masentimita 4. Mutu wa bawuti ndi wochepa kuposa pamenepo, ndiye kutentha kwake kumasakanikirana ndi thambo lozizira la kumbuyo, nambala n'kutsika. Ndikakokera lenzi pa mamilimita 100, pikiselo imaona mamilimita 3.4 ndipo sentimita imodzi ikwana. Ndiye ndimayamba ndi 25 kuona thiransifoma yonse, kenako 100 pa cholumikizira chilichonse, ndikukonzanso fokasi nthawi iliyonse. Zoom ya dijito musaidalire, imangokulitsa mapikiselo omwewo.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa chitsulo chonyezimira. Mkuwa kapena aluminiyamu wosachita dzimbiri emissivity yake (mlingo wa momwe chinthu chimatulutsira cheza cha kutentha kwake, kuyambira 0 mpaka 1) ili pansi pa 0.1, amangobweza kutentha kwa zinthu zomuzungulira, ngakhale kwa thupi lanu. Ndikaona dontho lowala ndimasuntha mapazi angapo. Likasuntha nane, ndi chinyezimiro chabe. Tepi yakuda ya magetsi ili pa 0.95, choncho tsiku lomwe magetsi azimitsidwa kuti akonze zinthu, ndimapempha amisiri amate kachidutswa pamalo oyezera.

Ndimaonanso m'buku la kamera ngati inalinganizidwa kuyeza madigiri pa zoom iliyonse, poti zambiri zopangidwira asilikali ndi alonda zimangoonetsa chithunzi. Ngati imangoonetsa chithunzi, ndimayerekeza mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu a magetsi, onyamula mphamvu yofanana. Fezi yowala kuposa zinzake ndi yomwe imalowa mu lipoti, pamodzi ndi mtunda, nthawi ndi maampeya.

Fumbi la nyengo yachilimwe ndimaliuluza ndi kapampu ka mpweya. Kupukuta ndi malaya kumakanda utoto wopyapyala wa pa lenzi, ndipo germanium ndi wodula.